Loweruka la Teleza Namathanga

Aliyense amene anathyolapo tiyi ku divishoni ya kumtunda amamudziwa Teleza Namathanga, ndipo si onse amene amamukumbukira ndi chimwemwe. Ndi mayi uja amakhala pa shedi, thabwa lili pamiyendo, kupima masamba. Ukafika ndi thumba lako thukuta lili kamukamu, iye amapisa dzanja mpaka m'chigongono, n'kutapa masamba, n'kuwayala pathabwapo. Akatero amawagawa milu itatu: abwino aja a masamba awiri ndi nsonga, okhwima, ndi ophwanyika. Mulu wa okhwima ukakula, ndiye kuti thumba lonse ukalikhuthula pansi n'kuyamba kusankhanso, anzako akupita pa sikelo. Ntchito yotereyi sibweretsa abwenzi ambiri.

Anabadwira pa esiteti pomwepo, m'nyumba za kukomponi. Bambo ake ankadulira tiyi, mayi ake ankathyola, ndipo m'nyumbamo nkhani ikafika povuta ankaikamba m'Chilomwe. Sukulu anailekeza Fomu 2 chifukwa cha mimba ya Queen, mwana wake yekhayo. Mwini mimbayo anapita ku Joni kukakonza tsogolo, ndipo tsogololo akulikonzabe mpaka lero. Teleza anabereka dengu kumsana ali ndi zaka 17, nathyola tiyi zaka zisanu ndi zinayi, mpaka akuluakulu anaona kuti maso ake salola tsamba lokhwima kudutsa. Anamuchotsa m'munda n'kumupatsa thabwa.

Queen atayamba sekondale, mabuku analowanso m'nyumba. Teleza anayamba kumawatsegula mobisa, kenako poyera, kenako analembetsa sukulu ya masana n'kumakhala benchi imodzi ndi ana amene anawaona akukwawa. Mayeso a Fomu 4 anamukana ulendo woyamba, wachiwiri anamulola. Chimene mtima wake unkafuna chinali wailesi. Zaka zonsezo pa shedi kawailesi kankalira pambali pake, ndipo owerenga nkhani akapotoza dzina la mudzi wa ku Thyolo, iye ankawakonza mokweza ngati akumumva. Atamva kuti ku Blantyre kuli koleji yophunzitsa utolankhani Loweruka lokha, sanachedwe kulembetsa.

Koma Loweruka pa esiteti ndi tsiku la ntchito. Anayenera kukagogoda kwa a Philip, bwana wa divishoni, munthu wosakonda mawu ambiri komanso wosakonda zachilendo. Unali mwezi wa Ogasiti, tiyi ali wochepa, ndiye anavomera, koma anavomera ndi chingwe.

"Semesita imodzi, a Namathanga," anatero a Philip. "Disembala akubwera, tiyi adzaphuka ngati wapenga, ndipo ine ndidzafuna munthu pa shedi. Mukandibweretsera pepala loti mwakhoza zonse, ndidzakusainirani ina, ndipeze wina wogwirizira. Mukafeyila olo imodzi, Loweruka ndi langa. Tamvana?"

"Tamvana, bwana."

Maphunziro anali anayi. Atatu ankayenda bwino. Phunziro lachinayi ndi limene linamuumitsa pakamwa: kusanthula mafilimu. Iye ankafuna wailesi, chinthu chopanda chithunzi n'chimodzi chomwe, koma a kolejiwo anati aliyense wa chaka choyamba adutse pamenepo. Walira mvula walira matope.

Musaganize kuti mafilimu anali achilendo kwa Teleza. Anakulira pa mabenchi a vidiyo sho ya a Zakeyu, kumsika. Kumeneko mafilimu amabwera atawaika kale mawu a Chichewa, wolankhulayo akukuuza zonse, ngakhale amene afe kutsogoloku, anthu akukuwiza wothamangitsidwa kuti atembenuke. Kudziwa filimu kunali kuibwereza mawa lake m'munda kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kunena woipa ndani. Pa zimenezi Teleza anali katswiri.

Ndiye asayimenti yoyamba itabwera, anailandira ndi manja awiri. Analemba masamba asanu ndi limodzi, nkhani yonse ya filimuyo mwatsatanetsatane, ndipo kumapeto anaikapo malangizo kwa mwamuna wa mufilimumo, amene kunena zoona ankafunikadi malangizo. Mphunzitsi wawo, a Douglas Mulepa, bambo wowonda wolankhula motsitsa, anamubwezera pepalalo lili ndi 31 wofiira.

"Nkhani mumaitha," anatero a Mulepa. "Koma filimuyi ine ndinaionera kale. Ndiuzeni zimene kamera yachita. Yaima pati, pafupi kapena patali, pamwamba kapena pansi? Kuwala kukuchokera kuti? Adula pati kuchoka pa chithunzi ichi kupita pa chinacho, ndipo chifukwa chiyani?"

Teleza anagwedeza mutu ngati wamva. Sanamve. Kamera iye anali asanaionepo mufilimu, nanga imaoneka? Anzake a m'kalasi, ana a zaka 19 ndi 20 amene ankamuitana kuti anti, ankaponyerana mawu a Chingerezi a zimenezi mosavutikira. Iye ankawalemba onse m'kope, koma pofika ku Bvumbwe pobwerera, minibasi itaima pakati pa amayi ogulitsa matimati ndi kabichi, mawuwo ankakhala atathawa kale m'mutu.

Mwayi unatsala umodzi. Kumapeto kwa Novembala aliyense anayenera kuima kutsogolo kwa kalasi mphindi khumi, kusanthula kafilimu ka mphindi zitatu kamene wapatsidwa. Ndi 31 uja kumbuyo, Teleza anafunika kuchita bwino kwenikweni kuti akhoze.

"A ku Thyolo, aka ndi kanu," anatero a Mulepa pomutumizira kake pa foni. "Mwina mudzaonamo zimene ife sitingaone."

Anakaonera mu minibasi. Kanali kafilimu kotsatsa tiyi. Dzuwa likutuluka, minda yobiriwira, mtsikana wokongola akuthyola masamba uku akumwetulira, kenako kapu yofuka nthunzi, basi katha. Munalibe mwamuna woipa, munalibe wakufa, munalibe ndi wolankhula yemwe. Munthu angaime mphindi khumi kunena chiyani pa chinthu chopanda nkhani?

Sabata imeneyo Teleza sanali Teleza. Chakudya ankangochisiya m'mbale. Lolemba anadutsitsa thumba lodzaza masamba okhwima, kapitawo mpaka anamufunsa ngati akudwala. Mvula yoyamba inali itagwa, minda itayamba kutuluka nsonga zanthete, ndipo nsonga iliyonse inkamukumbutsa kuti Disembala ali pakhomo. Kulephera kokhako sikunkamuopsa kwambiri, analepherapo kale. Chinkamudya chinali kubwerera pa shedi Loweruka m'mawa, pamaso pa anthu onse amene anawakhuthulitsa matumba, iwo akufunsana mokweza ngati a ku koleji lero atsekera.

Lachitatu pa nthawi yopuma anakhala pansi pa mtengo, maso ali pa foni, kuonera kafilimuko mwina ka makumi atatu. A Alesi, mayi wamkulu amene anamuphunzitsa kumanga dengu tsiku lake loyamba, anamulanda foniyo.

"Iwe, chikukuwondetsa n'chiyani umu? Mwamuna?"

"Ndi za kusukulu, achemwali."

A Alesi anayang'ana, kenako anaphulika kuseka mpaka amayi ena anasiya makapu awo n'kuunjikana.

"Ameneyu akuthyola kapena akusisita?"

"Dzanja limodzi! Ameneyu pofika Fulayide angadzaze dengu?"

"Taonani chitenje choyera m'mame, opanda epuloni. Dengu linali lopanda kanthu pompano, pano ladzaza. Ndi mankhwala eti?"

"Uwu ndi munda wa ku divishoni ya kumunsi, damu ndi ilo. Koma apa tiyi ndi wa mu Januwale, apa kumbuyoko ndi wodulira wa mu Julaye. Wathyola miyezi sikisi osasintha bulauzi!"

Chikhakhali chinali chokhachokha mpaka pamene chithunzi chinadzaza ndi manja okhaokha. Anali manja awiri, akuthamanga pamwamba pa tiyi mosinthana, zala zakuda ndi utomoni, zikhadabo zodyeka. Kuseka kunatha.

"Aa, awa si ake," anatero a Alesi. "Awa ndi manja athu awa."

Anabweza chithunzicho katatu. Wina anati manjawo ndi a mayi wina amene anasamukira ku Mulanje, wina anakana. Amayiwo anali atamva kale kuti ku divishoni ya kumunsi kunabwerapo anthu a makamera, koma panali patapita zaka, ndipo pa esiteti anthu amabwera ndi mvula n'kupita ndi mvula. Kapitawo anaimba wezulo, amayi anabereka madengu.

Teleza anatsala ndi foni yake. Amayiwa sanafotokoze nkhani ngakhale pang'ono. Anatenga chithunzi chimodzichimodzi n'kuchiyang'ana, monga momwe iye amachitira ndi masamba.

Lamulungu atachoka kutchalitchi anadula kope lakale n'kupanga timapepala. Ankaimitsa filimuyo paliponse pamene chithunzi chasintha, n'kulemba pa kapepala kake zimene zikuoneka, ndi pomwe wojambula ayenera kuti anaima. Tinakwana 41. Anatiyala pathabwa la kuntchito n'kutigawa milu, zoona uku, zabodza uku. Mulu wa zabodza unakula moti likanakhala thumba la munthu, mwini wake akanalira. Kwa nthawi yoyamba chilandirire kafilimuko, Teleza anadya n'kukhuta.

Apa ndi pamene mayi wathuyu anadzitchera yekha msampha. Zaka zisanu ndi zinayi za pa shedi zinamuphunzitsa kuti kupima chinthu ndi kuchipezera zolakwa, ndipo ukazipeza ntchito yatha. Panalibe womuuza kuti kukoleji thumba salikana choncho.

Loweruka lija kunatentha kuyambira m'mawa. Teleza anali wachisanu kuitanidwa. Anaima kutsogolo, timapepala take tili pa tebulo. Filimu itatha kuonetsedwa pakhoma, anayamba ndi Chingerezi chimene analoweza. Anawauza za dzanja limodzi, za epuloni, za dengu lodzaza lokha, za Januwale ndi Julaye m'munda umodzi, za manja obwereka. Kalasi inkaseka, ndipo kunali kuseka kwabwino, komugwirizana naye. Mantha anayamba kusungunuka. Koma ataponya diso kwa a Mulepa anaona kuti cholembera chawo chili gone pa tebulo, sanalembe kalikonse.

"A Namathanga," anatero a Mulepa, "mwatiuza kuti filimuyi ndi yabodza. Mafilimu onse ndi abodza, ngakhale ija munailembera malangizo. Anthu anapanga iyi si opusa, ankadziwa kuti manjawo si a mtsikanayo. Funso langa ndi limodzi. Anadula pamenepo chifukwa chiyani? Mwatsala ndi mphindi zitatu."

Mutu unaima. M'maganizo Teleza anaona nkhope ya a Philip, anaona shedi Loweruka m'mawa, anamva ndi mawu omwe a omuseka. Mphindi imodzi inapita choncho.

Manja ake okha ndi amene sanadziwe kuti zinthu zavuta. Munthu wozolowera kusankha sakhala ndi mulu patsogolo n'kuusiya. Anapezeka akugawanso timapepala tija, osatinso zoona ndi zabodza, koma momwe tinalembedwera: ta nkhope uku, ta manja uku. Ta nkhope tinali 12, ta manja 9. Anafunafuna kamene kali ndi zonse ziwiri pafupi. Panalibe.

"Sala, ndiyankhe m'Chichewa?"

"Yankhani."

"Pamene pali nkhope, kamera ili pafupi, dzuwa likumuwomba chakumbuyo kuti aziwala, koma manja ali pansi, kunja kwa chithunzi. Pamene pali manja, kamera ili pamwamba kuyang'ana pansi, mmene amayang'anira kapitawo, ndipo chithunzi chathera m'mikono. Mtsikanayo amaoneka yense kamera ikakhala kutali kuphiri, koma apo samuonetsa nthawi yaitali." Anakweza timapepala tiwiri, ka nkhope ndi ka manja. "Sanaziike pamodzi chifukwa nkhope yokongolayo sidziwa ntchito, ndipo nkhope yodziwa ntchitoyo sanaifune. Munthu wothyola pa liwiro limenelija samwetulira, Sala. Amakhala ataluma mlomo, khosi likuwawa ndi lamba wa dengu. Ndiye anadula kuti wogula tiyi atenge ntchito ya uyu ndi kumwetulira kwa uyo, aziyesa ndi munthu mmodzi, amwe tiyi wake mtima uli m'malo."

Palibe anaseka. Teleza anaona kuti m'mawu ake munali mkwiyo umene sankadziwa kuti anali nawo.

"Kumapeto kuli mayina," anapitiriza. "Ndawawerenga onse. Kuli la mtsikanayo, la woyendetsa galimoto, la wophika. La mwini manja kulibe."

A Mulepa anatola cholembera n'kulemba kwa kanthawi. "Mukanayambira pamenepo," anatero. "Nthawi yatha. Wotsatira."

Mawu amenewo anamuzunza masabata awiri. Mukanayambira pamenepo: ndiye kuti anachedwa nazo? Mphindi ziwiri zabwino zingafafanize zisanu ndi zitatu zoipa, ndi 31 pamwamba? Ankawatembenuza mawuwo popita kuntchito, powerenga masamba, pochapa. Mvula inagwa yamphamvu, tiyi anaphukadi ngati wapenga, matumba pa shedi anafika mpaka panja. A Philip akamadutsa pa njinga yawo yamoto ankangochepetsa liwiro n'kufunsa mawu awiri, "Pepala lija?" Iye ankayankha kuti likubwera.

Linabwera pakati pa Disembala. Teleza analilandira ku ofesi ya koleji, koma sanalitsegule pomwepo. Anatuluka, nakaima kuseli kwa chipupa kopanda anthu, nayamba kuwerenga kuchokera pamwamba, chala chikutsika pang'onopang'ono. Atatu aja anakhoza bwino. Pa mafilimu panali 54. Anakhala pansi pomwepo, pa simenti yonyowa, n'kulira.

Lolemba m'mawa anagogoda kwa a Philip. Bwanayo anavala magalasi n'kuwerenga mzere uliwonse mosathamanga.

"Mafilimu?" anatero. "Ndimakupatsani Loweruka kuti muzikaonera mafilimu?"

Teleza anayesa kufotokoza, koma ataona kuti mawu akumuchulukira, anangotulutsa foni n'kuwaonetsa kafilimu kaja. A Philip anayang'ana monyinyirika, kenako nkhope inamasuka.

"Aa, iyi! Ndinalipo ine pamenepa, ndili kapitawo kumunsi. Mtsikana amene a makamera anabwera nayeyo zinamukanika, ndiye anandiuza kuti ndiwapezere wa liwiro. Manja awawa ndinawasankhira ndine."

Teleza anasendera pafupi. "Anali ndani, bwana?"

A Philip anaika cholembera pamlomo n'kuyang'ana kudenga. "Anali wa nyengo ya mvula chabe. Wa ku Nsabwe, ngati si ku Mphuka. Wamfupi choncho. Kapena anali wamtali uja?" Anapukusa mutu. "Ankathyola bwino, zokhazo ndikukumbuka."

Anakoka fomu m'kabati, nasaina, nadinda chidindo. "Loweruka ndi lanu mpaka Juni. Pitani, anthu akudikira."

Teleza anathokoza, napinda pepalalo bwinobwino, natuluka. Chimene anachivutikira miyezi inayi chinali m'manja mwake, ndipo anasangalaladi. Komabe iye anawakwiyira a Philip mpaka pa masitepe a ofesi, kuti munthu angaiwale bwanji dzina la mayi amene anachita kumusankha yekha. Pamasitepepo ndi pamene mkwiyowo unamutembenukira, manyazi n'kumugwira. Ali m'njira anayesa kutchula mumtima mayina a amayi a nyengo ya mvula amene anawakhuthulitsa matumba chaka chathachi. Anali ambiri, mwina oposa makumi asanu. Iye anathera pa anayi.